Bwalo la Agogo: Mlandu wa Masilaidi 47

Khalani pansi nonse. Iwe wa timawaya m'makutu, tichotse. Iwe waima pakhomo, kokera mpando kuno, ndipo wina akatseke wailesi. Lero sindinakuitanireni nsima, ndakuitanirani mlandu. Woweruza ndine, mboni ndine, wodandaula ndinenso ine ndemwe. Wozengedwa mukumuona, uyu wakhala pamphasa akukanda m'mutuyu, mdzukulu wanga woyamba, amene ndinkamutcha amuna anga adakali kumsana, amene lero amavala taye n'kumandiyankha pafoni kuti, "Agogo, ndili pamsonkhano, ndikuimbiraninso." Enanu musaseke. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe, ndipo nonsenu ndakuonani mukunyamula malaputopu ngati ana obereka.

Nkhani yake nayi. Lachinayi lapitali amuna angawa ananditenga pagalimoto, ati tiyeni agogo mukaone mmene timagwirira ntchito masiku ano. Kuholo ya paboma kunali msonkhano wa mafumu, alangizi, amayi a m'makalabu a alimi ndi abambo a m'makopaletivi. Bungwe limene amagwirako ntchito, dzina sinditchula, linamutuma kukafotokoza za kasungidwe ka chimanga, kuti anankafumbwe aleke kugawana nafe zokolola. Nkhani yabwino, nkhani ya m'mimba. Ndinavala chitenje chatsopano, duku ndinamanga la pa Khirisimasi, ndinakhala mzere wachitatu kuchokera kumbuyo, mapewa ali m'mwamba. Mayi amene ndinayandikana naye ndinamunong'oneza kuti, "Wolankhulayo ndi magazi anga." Ola lisanathe ndinkalakalaka mawu akanakhala obweza.

Msonkhano unali woyamba 9 koloko. Nthawiyo inakwana iwe mdzukulu wanga uli chogwada kunsi kwa tebulo, ukusakasaka chingwe. Chingwe chinapezeka, koma mutu wake unakana kulowa pa laputopu. Unatuma mnyamata pa kabaza kukabwereka china. Chitabwera, khoma linawala, ndipo chimene chinaonekapo sichinali chimanga. Chinali chithunzi cha mtsikana wa wigi, milomo ataipinda ngati akuyamwa bwemba, chimene unachiika pankhope pa kompyuta yako. Holo yonse inamuona, mafumu omwe. Ine ndinamuyang'anitsitsa, ndipo za iyeyo tidzakhala pansi tsiku lina.

Nkhanga zinapangana kusanapse. Ine ndinagwira ntchito ya ulangizi wa zaulimi zaka 30, ndipo sindinafikepo pamalo a msonkhano limodzi ndi anthu. Ndinkafika mame asanaume, kudzaona mbali imene dzuwa lidzakhale pofika 10 koloko kuti lisadzawombe anthu m'maso, kudzayesa ngati choko sichinanyowe m'chikwama. Inu zida zanu n'zambiri kuposa zanga, ndiye zofunika kuyesa n'zambirinso. Uzifika ola lathunthu anthu asanabwere. Lumikiza zonse, yatsa, zimitsa, yatsanso. Tseka chilichonse chimene sukufuna kuti amfumu achiwerenge. Ukatero pita ukakhale pampando wakumbuyo kwenikweni, uyang'ane pakhoma, uone ngati ukutha kuwerenga zimene walemba wekha.

Ulemu sindiukana. Kwathu kuno munthu sungangoyamba kulankhula ngati wagwa mumtengo. Umapereka ulemu kwa Gogo Chalo, kwa magulupu, kwa nyakwawa, kwa a wapampando. Koma a wapampando anali atawatchula kale onse mmodzimmodzi, ndipo iwe unapatsidwa mphindi 20 zokha. Mphindi 7 zinathera pa maudindo, ena unawatchula kawiri. Kenako kunabwera silaidi ya dzina lako ndi madigiri ako, ina ya mbiri ya bungwe, ina ya masomphenya a bungwe, ina ya zolinga za bungwe, ina ya mapu a Malawi, ngati kuti m'holomo munali wina wosadziwa dziko limene ali. Tinafika silaidi ya nambala 9 nankafumbwe asanatchulidwe n'kamodzi komwe. Mlendo akabwera ndi njala sumuonetsa kaye nkhokwe, mtondo, musi ndi lichero. Umamupatsa madzi osamba m'manja, nsima n'kubwera. Mawu ako oyamba, ulemu utangotha, akanakhala akuti: ndabwera kudzakuonetsani njira yosungira chimanga mpaka mwezi wa February popanda kuthira mankhwala. Khutu lililonse m'holomo likanaima.

Mlandu wachiwiri, kapena wachitatu, ndasokoneza kale kuwerenga, ndi wa nkhongo. Kwa mphindi 35 ndinaonera nkhongo ya mdzukulu wanga. Ndi nkhongo yabwino, ndinkaisambitsa ndekha, koma sindinagwedezeke m'galimoto mtunda wonse uja kudzaona nkhongo. Unatembenukira khoma n'kuyamba kuliwerengera zimene zinalembedwa pa ilo lomwe. Odziwa kuwerenga anali atamaliza mzere womaliza iwe udakali pa wachiwiri, chifukwa diso limathamanga kuposa pakamwa, ndiye anangokhala n'kumakudikira. Osatha kuwerenga, ndi ife akumbuyo, tinkadalira mawu ako, koma mawuwo unkawaponya kukhoma. Ndipo amene anayesa kuchita zonse ziwiri, kuwerenga ndi kumvera, sanatolepo kanthu. Mapanga awiri avumbwitsa: mutu wa munthu sungawerenge chiganizo china uku ukumva china.

Nanga zilembozo! Tizilembo tonga mbewu ya fodya. Pa silaidi imodzi ndinawerenga mizere 14, osati mawu ake, mizere yokha, ngati ndikuwerenga mizere ya m'munda ndili pachulu.

Pamenepa ndiye ndikufuna mundimvetsetse, chifukwa ndi za ntchito yanga. Kale tinkadzala chimanga mbewu zitatu paphando, mapando otalikirana masentimita 90. Kenako kunabwera njira imene alimi amangoitcha Sasakawa: mizere yotalikirana masentimita 75, mapando otalikirana masentimita 25, mbewu imodzi paphando. Alimi anakana poyamba. Ankati, "Alangizi, nanga imodziyo ikapanda kumera?" Ine sindinkatsutsana nawo. Ndinkawatengera kumunda wachitsanzo, n'kuzula phando la mbewu zitatu, n'kuwaonetsa mizu itapotana, mapesi owonda ngati ana a nyumba ya mitala akulimbirana mbale imodzi. Feteleza yemweyo, dzuwa lomwelo, koma odya atatu. Kenako ndinkawaonetsa phesi la lokha, lonenepa ngati dzanja la mwana. Silaidi ndi phando, ana inu. Ganizo limodzi, silaidi imodzi. Iwe unadzala mbewu 14 paphando, ndiye ukudabwa kuti sipanamere kanthu?

Ndakuona iwe wa kumapetoyo ukukweza dzanja, ukufuna kundikola. Ukuti ngati ganizo lililonse lili ndi silaidi yake, ndiye kuti masilaidi achuluka kuposa 47. Wayesa, koma munda uli ndi malire. Mphindi 20 ndi kadimba, si esiteti. Mlimi wa kadimba sadzala chimanga, fodya, thonje, mtedza ndi mpunga zonse pamodzi, amasankha. Ntchito yaikulu ya wolankhula imachitikira kunyumba, posankha zimene asanene.

Musandiyang'ane choncho ngati gogo uyu za makompyuta wazidziwira kuti. Mumayesa foni munandigulira ija ndimangoonera zithunzi za maukwati? Nditabwerako kumsonkhano kuja ndinatha masiku atatu ndikufufuza, kuti mlandu uno ndiuzenge ndi umboni. Chida chanu mumanyadirachi, PowerPoint, chinatuluka mu 1987. Anachipanga ndi Robert Gaskins ndi Dennis Austin pa kampani yaing'ono ya ku California yotchedwa Forethought, ndipo chaka chomwecho Microsoft inagula kampaniyo ndi madola 14 miliyoni. Ndiye kuti n'chachikulu msinkhu kuposa nonse mwakhala pano, musamatiopseze nacho ngati chatsika kumwamba dzulo. Chisanafike kuno, ife tinali ndi makina a galasi ndi babu amene tinkaikapo timapepala ta pulasitiki toonekera, zolemba zathu n'kumaoneka pakhoma. Timapepalato tinkalemba pamanja ndi maka, ndipo tinali todula. Dzanja likamatopa, pepala likamadula, munthu umalemba chofunika chokha. Inu dzanja silitopa. Mumangotapa ripoti lonse la masamba 30 n'kulikhuthulira pakhoma, ndipo ulesi umenewo mumautcha kukonzekera.

Ndinapezanso bambo wina wa ku America, Guy Kawasaki, amene anagwirapo ntchito ku Apple, kenako n'kukhala womvetsera anthu obwera kudzapempha ndalama zoyambira bizinesi. Atatopa nawo anaika lamulo lake: masilaidi 10, mphindi 20, zilembo zosachepera saizi 30. Si malamulo a Mose, sanalembedwe pamwala, koma zikuoneka kuti bamboyo anakhalapo mzere wakumbuyo ngati ine. Zako ndinakufunsa m'galimoto, unati zinali saizi 12. Saizi ya kalata yofunsira mbeta, yowerenga munthu mmodzi ali kuseri kwa nyumba.

Za zokongoletsa ndingodutsapo, zimandiwawitsa mutu. Mawu ena ankalowa akuuluka kuchokera kumanzere, ena akuzungulira ngati kamvuluvulu, ena akugwa chilembo chimodzichimodzi ngati ndowe za mbuzi. Zilembo zachikasu pamalo oyera, m'holo yopanda makatani, dzuwa lili phwee. Chikomekome cha mkuyu. Lemba zakuda pamalo oyera basi, ndipo usadalire mtundu wofiira ndi wobiriwira posiyanitsa zinthu, chifukwa pali anthu, makamaka amuna, amene maso awo sasiyanitsa mitundu iwiriyi.

Koma silaidi ya nambala 23 yokha ndiyenera kuimapo. Linali tebulo la manambala lodzaza khoma lonse, nambala iliyonse ili ndi kadontho ndi timanambala tina tiwiri kumchira. Iwe unaloza ndi kanyali kako kofiira n'kunena kuti, "Monga mukuonera apa." Tinkaona chiyani? A Gulupu amene anakhala kutsogolo kwanga anali atatsamira ndodo yawo, mutu ukuvomera zinthu zimene sanafunsidwe. Nambala ukafuna kuti ilowe m'mutu mwa mlimi, ivule nsapato. Usanene kuti 20 peresenti. Nena kuti pa matumba 10 alionse, awiri. Jambula matumba 10 pakhoma, awiri uwadetse. Munthu amene anasenzapo thumba la makilogalamu 50 kuchokera kumunda amva kulemera kwa awiriwo pakhosi pake. Ndipo pamwamba pa silaidi usalembe mawu ogona ngati akuti "Zotsatira". Zotsatira zanji? Lemba chiganizo chathunthu chimene ukufuna munthu apite nacho kwawo: "Chimanga chosauma chimaola ngakhale m'thumba labwino." Woodzera akadzidzimuka n'kuwerenga mzere umodzi umenewo, sanabwere pachabe.

Tsopano lekani kuseka, apa pali maliro.

Pa 16 January 2003 chombo cha m'mlengalenga cha ku America chotchedwa Columbia chinanyamuka ndi anthu 7. Chikukwera, chidutswa cha chinthu chopepuka chonga siponji yolimba, chimene ankakutira nacho thanki ya mafuta, chinathothoka n'kumenya phiko lakumanzere. Chombocho chili m'mwamba, akatswiri a kampani ya Boeing anakonza masilaidi ofotokozera akuluakulu a NASA, eni chombocho, ngati panali choopsa. Pa silaidi imodzi, mutu wa pamwamba, wa zilembo zazikulu, unali wokhazika mtima pansi. Koma kunsi kwenikweni, m'tizilembo tating'ono, munali mfundo yakuti chidutswa chimene chinamenya phikolo chinali chachikulu kuwirikiza ka 600 ndi kupitirira poyerekeza ndi tizidutswa timene anayeserapo kale, kutanthauza kuti zoyesa zawozo sizikanatha kutsimikizira aliyense kuti zinthu zili bwino. Pa 1 February, chikubwerera, chombocho chinasweka m'mlengalenga pamwamba pa Texas, ndipo onse 7 anafa. Pambuyo pake mphunzitsi wa ku yunivesite ya Yale, Edward Tufte, anaisanthula silaidiyo mzere ndi mzere, ndipo komiti yofufuza ngoziyo inadzudzula chizolowezi chofotokoza nkhani zaukatswiri ndi masilaidi m'malo mwa malipoti olembedwa bwino. Sindikunena kuti silaidi ndiyo inapha anthu, zifukwa zinali zambiri. Ndikunena kuti mfundo imene inayenera kukuwa inanong'ona.

Ukuti zimenezo n'za kutali, iwe sukwera m'mlengalenga. Tamvera. Matumba unabwera kudzawafotokoza aja, a PICS, amene anawapanga akatswiri a ku yunivesite ya Purdue, ali ndi zigawo zitatu: mapulasitiki awiri m'kati, thumba loluka kunja. Mphamvu yake si mankhwala, ndi kutseka mpweya. Nankafumbwe amabanika n'kufera momwemo. Ndiye chinsinsi chonse chagona pa zinthu zochepa: chimanga chiume bwinobwino, pulasitiki isabooke, chigawo chilichonse chimangidwe pachokha mutafinya mpweya, ndipo thumba lisamangotsegulidwa tsiku ndi tsiku. Zimenezi iwe unaziika pa silaidi ya nambala 41, kunsi. Ndipo silaidi ya 41 unaidumpha, chifukwa a wapampando anali atakutumizira kale kapepala kachiwiri. Mayi amene adzagule thumbalo ndi ndalama ya geni yake, n'kuthiramo chimanga chosauma, n'kudzachipeza chitachita nkhungu mwezi wa January, ana ali pakhomo, kwa iye chombo chagwa.

Pakati pa zonsezi, tili cha pa silaidi ya 30, magetsi anathima. Khoma linangoti bii. Apa ndinati mwina Mulungu wamva pemphero langa, chifukwa kwa nthawi yoyamba holo yonse inayang'ana iwe. A Gulupu omwe anadzuka. Maso 100 ndi kupitirira ali pa iwe, kudikira. Iwe unangoti kakasi, manja m'thumba, n'kunena kuti, "Tidikire jenereta." Mphindi zinayi zathunthu, zii. Pamenepo ndinadziwa kuti nkhaniyo inali mu laputopu, mwa iwe munalibe. M'dziko muno munthu wokonza zolankhula osaganizira kuti magetsi angathime ali ngati woyanika ufa panja mwezi wa January n'kupita kumsika. Uzikhala ndi kapepala kamodzi m'thumba la malaya, kolembapo mitu ya nkhani yako. Ndipo ndikuuze chimene ndinapeza, mwina sukuchidziwa ndi madigiri akowo: masilaidi ali pakhoma, ukadina batani la chilembo B, khoma limada, ukadinanso limabwerera. Anthu anzeru amathimitsa okha dala, akafuna kuti maso abwerere pa iwo.

Akanakhala ine mphindi zinayi zija, ndikanatulutsa mbale ziwiri m'chikwama. Ndipotu ndikanayamba nazo, magetsi alipo kapena palibe. Mbale yoyamba ya chimanga chofumbwa. Ndikanatapa dzanja limodzi, n'kukweza m'mwamba, n'kupukusa pang'ono kuti ufa wa anankafumbwe uzitsika ngati utsi, tizilombo tikuyenda pa zala zanga. Ndikanaipereka kwa Gogo Chalo kuti anunkhize, iyende mzere ndi mzere mpaka kumbuyo. Mbale yachiwiri ya chimanga choyera, cholira ngwee ukachiponya m'mbale. Kenako botolo lagalasi louma, mchere wouma pang'ono, chimanga dzanja limodzi; kutseka, kukhutchumula, kudikira. Mchere ukamamatira m'mbali mwa botolo, chimanga sichinaume, chibwerere padzuwa. Pomaliza ndikanaitana mayi mmodzi wa m'kalabu kuti adzamange thumbalo ndi manja ake pamaso pa anzake, pulasitiki yoyamba, yachiwiri, kenako lakunja, akalakwitsa anzake omwe amukonze. Zimenezo palibe chingwe chimene chikanazikana.

Sindikuti mutaye makompyuta, ndisanamiziridwe. Pa masilaidi ako 47 panali imodzi yabwino, ya nambala 17: chithunzi chimodzi chachikulu cha nkhokwe itapendekeka, pansi pake pali mbuu ufa wa chimanga chofumbwa. Chitangooneka holo inachita phokoso la pansipansi, amayi akugwedeza mitu, wina kumbuyo kwanga anati, "Ngati kwathu." Imeneyo ndiye ntchito ya silaidi, kubweretsa m'holo chinthu chimene sungachinyamule pamutu. Pamenepo ukanaima, ukanafunsa kuti ndani zinamuchitikirapo. Iwe unaidutsa ngati minibasi yodzaza.

Za chilankhulo ndinene pang'ono. M'holomo munali anthu amene Chingerezi anachisiyira Sitandade 5, iwe n'kumawaponyera zidule za zilembo zitatuzitatu zimene mumalankhulana kuofesi kwanu. Chichewa umachidziwa, unachiyamwa. Ukamakalankhula kwa mabwana a ku Lilongwe, lankhula Chingerezi chako chonse, ndidzakuombera m'manja. Koma funso loyamba usanatsegule n'komwe laputopu ndi lakuti: akandimvere ndani, akudziwa kale chiyani, ndipo ndikufuna akatuluke akachite chiyani? Mabwana akufuna kudziwa ndalama zipita zingati ndipo zibweza chiyani. Amayi a m'kalabu akufuna kudziwa thumba ligulidwa kuti, pa mtengo wanji, ligwira zaka zingati. Masilaidi amodzimodzi sangadyetse onsewa. Ndipo ngati nkhani ili ndi manambala ambiri oti munthu awaone modekha, alembe papepala uwagawire pomaliza. Ku kampani ya Amazon, amene anaiyambitsa, Jeff Bezos, analetsa masilaidi pamisonkhano ya akuluakulu mu 2004. Wobweretsa nkhani amalemba masamba osapitirira 6, onse n'kuyamba awerenga mwakachetechete asanakambirane. Ripoti ndi la m'manja, silaidi ndi ya pakhoma.

Ndakukalipira mokwanira, tsopano ndikuuze chimene ndinaona pansi pa zonsezi, chifukwa galu wamkota sakandira pachabe. Ndinaona mantha. Unadzaza khoma ndi mawu chifukwa unkaopa kuiwala. Unatembenukira khoma chifukwa unkaopa maso a anthu. Ndikudziwa chifukwa inenso msonkhano wanga woyamba, ndili kamtsikana kongochoka kukosi, ndinawerenga kope langa lonse la za manyowa pansi pa mtengo wa mkuyu, maso osadzutsa, mawondo akuombana m'kati mwa chitenje. Nditamaliza gogo wina anandifunsa mwaulemu kuti, "Mwana wanga, tsopano uyambe kutiuza zimene wabwerera." Usiku umenewo nsima sinatsike.

Mantha si mlandu. Taona William Kamkwamba wa kwa Wimbe ku Kasungu, amene anabadwa mu 1987, chaka chimodzi ndi PowerPoint yanuyo. Njala ya 2001 ndi 2002 itamuchotsa pasukulu chifukwa chosowa fizi, anaona chithunzi cha makina a mphepo m'buku la ku laibulale, n'kupanga ake ndi mitengo ya bulugama, njinga yakale, fani ya thirakitala ndi mapaipi apulasitiki, mpaka nyumba ya kwawo inayaka magetsi. Mu 2007, ali ndi zaka 19, anamuitanira ku msonkhano wa TED ku Arusha, m'dziko la Tanzania, pamaso pa anthu ophunzira ndi olemera ochokera m'mayiko ambiri. Chingerezi chinali chochepa, mantha anali ambiri, moti woyendetsa msonkhano, Chris Anderson, anachita kuima naye n'kumamufunsa mafunso. Pakhoma panalibe masomphenya kapena zolinga. Panali zithunzi: kwawo, ndi makina aja ataima pamitengo yake yokhotakhota. Mawu ochepa, mphindi zochepa, koma anthu anaimirira kumuombera m'manja, ndipo ena mwa iwo anamuthandiza kubwerera kusukulu. Patapita zaka ziwiri, mu 2009, anakaimanso pa TED ku Oxford, ulendo uno payekha, n'kuulula yekha kuti tsiku loyamba lija Chingerezi chinamuthawa ndi mantha. Chinamupulumutsa n'chakuti chinthu ankachifotokozacho anachipanga ndi manja ake, ankachidziwa msomali uliwonse. Iwe thumba la PICS unayamba walimangapo? Usayankhe, ndaona kale manja ako.

Mankhwala a mantha si kuwonjezera mizere pakhoma. Ndi kuyeserera mokweza mawu, utaimirira, wotchi ili patsogolo, kawiri, katatu, mpaka lilime lizolowere njira. Kuwerenga chamumtima uli chigonere pabedi si kuyeserera. Ukapatsidwa mphindi 20, konza za mphindi 15, zotsalazo n'za chingwe, za magetsi ndi za mafunso. Ukaima, sankha nkhope zitatu, ina kumanzere, ina pakati, ina kumbuyo, uzilankhula nazo mosinthana ngati mukucheza pakhonde. Wina akafunsa chimene sukudziwa, nena kuti sindikudziwa, ndikafufuza ndidzakuyankhani Lachisanu, ndipo Lachisanulo uyankhedi.

Iwe mathero ako anali otani? Kapepala kachitatu katafika unayamba kuthamanga: "Izi tidumphe, izi mukawerenga nokha, izinso tidumphe." Masilaidi ankangoti phethiphethi ngati mphezi. Kenako panabwera womaliza, wolembedwa "Zikomo" ndi kachithunzi ka manja akuomba, kutikumbutsa ntchito yathu. Tinaomba, ndife anthu aulemu. A wapampando anafunsa ngati pali mafunso. Chete. Patapita nthawi bambo wina anakweza dzanja, iwe nkhope n'kuwala, ndipo anafunsa kuti za thiransipoti tisainira kuti. Pamenepo mayi uja ndinamunong'oneza za magazi anga anandikodola n'kunena kuti, "Amayi, paja mwati ndi mdzukulu wanu? Tatifunsireni, akuti matumbawo tigule kapena tisagule?"

Ndinamuyankha ndekha, panja, pansi pa mtengo, ndi thumba limene ndinabwereka m'galimoto yako. Anasonkhana amayi 11. Unandiona, unkapinda chingwe.

Chigamulo nachi, ndipo apilo kulibe. Loweruka likubwerali, 2 koloko masana, udzaima pansi pa mtengo wa mango uwo n'kufotokozanso nkhani yomweyi. Masilaidi asapitirire 10, mphindi 15 pa wotchi yanga, osati yako. Laputopu tidzaiika pampando, ine ndidzakhala pafupi ndi khola la nkhuku, ndipo chilembo chimene sindidzachiona kuchokera pamenepo chidzafufutidwa pomwepo. Omvera adzakhala ine, anzanga awiri a kumpingo amene mmodzi khutu lake ndi lolemera, ndi ana a Sitandade 6 a nyumba yoyandikana nayo. Pakati pa nkhani ndidzatseka laputopuyo mosakuchenjeza, ndipo udzapitiriza. Pomaliza ndidzafunsa mwana mmodzi kuti wamva chiyani, akalephera, uyambiranso. Enanu nonse mudzabwere, aliyense ndi masilaidi a kuntchito kwake, chifukwa ndamva kuti wa ku banki uyu ali nawo 60.

Chindapusa ndi nkhuku imodzi yachikuda, shuga mapaketi awiri, ndi thumba limodzi la PICS loti udzamange wekha ife tikuona. Ndipo pobwera unditengere magalasi anga a maso. Ndinawaiwala m'galimoto yako Lachinayi m'mawa tisanalowe m'holo muja, ndipo aliyense amene atsegule pakamwa kuti n'chifukwa chake sindinkaona zilembo, nkhuku zikhala ziwiri.